Mlendo wa ku Mombasa ndi Mbewu ya Amayi

Bambo anga anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: ankakhulupirira kuti si a kuno. Anabadwira ku Nkhotakota, anakulira ku Nkhotakota, ankapalasa makina osokera pakhonde la sitolo ina pamsika wa Nkhotakota womwewo, koma mukangowaputa pang'ono ankakuuzani kuti ife mtundu wathu ndi wa kugombe la nyanja yamchere, makolo athu anabwera pa zombo za matanga limodzi ndi amalonda akale aja. Umboni wake unali mphuno yawo, imene iwo ankati ndi yosongoka, ndi timawu ta Chiswahili tosadzaza n'chikho chomwe, timene ankatiwaza m'nkhani iliyonse. Nyanja yamchereyo anali asanaionepo n'kamodzi komwe. Ulendo wawo wautali kwambiri unali wa ku Salima, kokagula lamba wa makina.

Amayi analibe nazo ntchito zimenezo. Iwo anali a ku Chia, ndipo ankanena poyera kuti makolo awo anabwera wapansi kuchokera kumunda. Analowa Chisilamu pokwatiwa, mapemphero a swala sankawaphonya, koma mtima wawo unali kudambo kumene kunali munda wa mpunga umene anawasiyira amayi awo. Ine nthawi imeneyo ndinali nditalemba mayeso a Fomu 4, zotsatira zitabwera n'kundiuza mosapsatira kuti ndigwire khasu. Choncho ndinkalima ndi amayi, ndipo zimene ndikunenazi si zomva kwa anthu.

Mpunga pakhomo pathu unali wa mitundu iwiri. Panali wamba uja wa kusikimu, wobereka kwambiri koma wopanda fungo, umene tinkadya ndi kugulitsa. Ndiye panali wa amayi. Unali wa mtundu wa faya ndithu, koma wakale, wa njere zazitali, woti ukauphika munthu wodutsa pamsewu amayamba kukumbukira kuti ali nanu pachibale. Banja la amayi linkausunga ku Chia kuyambira kalekale, mayi kupatsira mwana wake wamkazi. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, ndipo mpunga umenewu, poti umachedwa kucha, unapserera m'minda. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi amene anatsala ku Chia, sanakolole ngakhale ngala imodzi. Amayi anapulumutsako pang'ono kumunsi kwa munda kumene madzi ankachedwa kuphwa. Anadula ngala imodziimodzi ndi kampeni, anamanga timitolo, n'kutipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Analamula kuti umenewo palibe wolawa, ngakhale pa Idi. Inali mbewu, yathu ndi ya amayi aang'ono, ndipo ina kunalibe.

Chinali chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri. Pakamwa pa anthu panali patamasuka, misewu nayo itamasuka. Malole a kaunjika ochokera ku Tanzania ankangotsika, ndipo nkhope yachilendo sinkachititsanso mantha ngati kale, pamene kucheza kwambiri ndi munthu wakunja kunkatha kukufikitsa koyankha mafunso. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, lole ina inatula pamsika bambo wina wonenepa, wa mkanjo woyera mbee, wonunkhira mafuta odula. Anati ndi wa ku Mombasa, wabwera kudzafuna manda a makolo ake amene ankachita malonda kuno, komanso kudzaona ngati kuli katundu woti munthu n'kugula.

Lachisanu lake, anthu atatuluka mumzikiti, akuluakulu anamulimbirana ngati chambo chomaliza pamsika. Aliyense ankati mlendo akagone kwake. Bambo anapambana chifukwa pamene anzawo ankatsutsana, iwo anangonyamula chikwama cha munthuyo n'kuuyamba ulendo. Anafika pakhomo thukuta lili kamukamu, akumwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Mayi, m'bale wathu wafika," anatero. "Magazi apeza magazi anzake."

Amayi anagwada pakhomo, anapereka moni mwaulemu, kenaka atalowa kukhitchini anandinong'oneza kuti, "Mlendo ndi mame, mwanawe. Tingopirira." Mame amenewo dzuwa la Okutobala linawalephera, ndipo la Novembala linawapeza ali pompo.

Lamulo loyamba la bambo linali lakuti kondowole asaoneke pakhomo. Munthu wa kugombe sadya zomata m'manja zoterozo, ndipo ife, pokhala a kugombe, sitinkayenera kuoneka ngati timazidziwa. Chinangwa chimene tinali titaviika m'migolo kuseri tinachisamutsira kwa aneba kuti fungo lake lisamupeze mlendo. Makaka amene ankauma pathandala tinawalonga m'matumba asanaume bwino, ena mpaka anachita nkhungu yobiriwira. Mlendo ankadya mpunga masana, mpunga madzulo, m'mawa tiyi wamkaka ndi mandasi. Bambo ankadya naye pakhonde, akutsina mpunga ndi nsonga za zala monga ankachitira iye. Ine ndi amayi tinkadyera kondowole wathu ndi chigwada kuseri kwa khitchini, mobisala ngati tikudya chakuba.

Chimene chimandiseketsa mpaka lero n'chakuti mlendo akangoyamba kuliza mkonono wa masana, bambo ankazemba, kupinda mkanjo mpaka m'mawondo, n'kudzakhala nafe kuseriko. Ankameza mbamu zikuluzikulu maso ali kukhomo, akudandaula chapansipansi kuti mpunga sukhalitsa m'mimba. Amayi ankangowakankhira mbale. Akakhuta ankasamba m'manja kawiri, kununkhiza zala, n'kubwerera pakhonde kukakhala munthu wa kugombe.

Manda a makolo aja mlendo anakawafuna kamodzi kokha. Anapeza udzu wautali ndi linthumbu, anabwerera akudzikanda, ndipo makolowo sanawatchulenso. Ntchito imene anaigwira mwakhama inali yokhala pa mpando wa ndalema pakhonde pathu n'kumaweruza Nkhotakota. Ikatha swala ya masana akuluakulu ankabwera kudzamva. Iye ankalankhula Chiswahili chothamanga chimene bambo ankachitola apo ndi apo, ndipo akaona kuti omvera atayika ankathiramo Chingerezi. Bambo ankalumikiza zonsezo monga amalumikizira zigamba, n'kumamasulira anzawo m'Chichewa. Ine ndinkamva pobweretsa tiyi, ndipo ndikhoza kuchitira umboni kuti zina ankaphonya, koma pa zonyoza sankalakwitsa ngakhale liwu limodzi.

Nyanja yathu anati si nyanja, ndi thamanda lalikulu chabe. Kwawo nyanja imapuma, imapita kutali n'kubwerera, pomwe yathuyi imangogona ngati munthu wa malungo. Ananena zimenezi m'nyengo imene madzi amakhala bata, ndipo mwa akuluakulu onse aja, ena a iwo oti anaikapo abale awo omizidwa ndi mwera, panalibe ndi mmodzi yemwe womuuza kuti adzabwerenso mu Juni adzaone mmene thamandalo limagonera. Chambo anati n'chozizira mkamwa chifukwa chinakulira m'madzi opanda mchere, ndipo ananena izi akuyamwa mutu wa chambo chachiwiri. Ankadabwa kuti anthu amakhala bwanji ndi moyo popanda kokonati. Ankadabwa kuti mango akuolera pansi, kuti amayi amatsukira mbale kumene ana akusamba, kuti nyumba zathu zilibe zitseko zosema. Za woitanira swala kumzikiti, mlendoyo anati amatchula Chiarabu ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Shehe wathu, munthu wodziwa Chiswahili bwinobwino, amene anaphunzitsa woitanayo ndi pakamwa pake, anali pomwepo ndipo anaseka nawo.

"Akuti anthu a kuno ndi aulesi," bambo ankamasulira choncho, mawu akuwakomera ngati uchi. "Akuti anthu a kuno sadziwa malonda. Akuti anthu a kuno chimene akuchitcha ufulu ndi kukhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa, kumakangana za zipani m'thumba muli mbee."

"Zoona zimenezo," akuluakulu ankavomera akugwedeza mitu. "Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

Aliyense wa iwo ankaganiza kuti kalumoko kakumeta mnzake. Bambo ndiye ankasangalala koposa onse, chifukwa mawu oti anthu a kuno sankawakhudza iwo. Ankawatchula akuloza ndi mlomo cha kumsewu, kumene anthu a kunowo ankadutsa ndi makasu awo ndi nkhafi zawo.

Sindikana kuti zina zinali zoona. Za zipanizo zinali zoona ndithu, amuna anali atapenga nawo ufulu wolankhula moti ena ankachedwa kokoka ukonde chifukwa cha mtsutso wa pawailesi. Koma munthu amene ankanena zimenezi sanafikeko kudambo, sanaoneko amayi akulowa m'matope mpaka m'mawondo tambala atangolira, sanakwereko bwato. Nkhotakota yense anamuonera pampando, kudzera pampata wa pakati pa nyumba yathu ndi ya aneba, mkamwa muli nkhuku ya amayi.

Tsiku lina nkhungu zinatuluka m'nyanja. Mtambo wakuda uja wa tizilombo unawolokera kumtunda, ndipo anthu anathamanga ndi malichero ndi madengu onyowetsa kukazikupa, ana akukuwa, amayi akumanga nsalu m'chiuno. Mlendo anatseka mphuno ndi kansalu n'kufunsa chimene chagwa. Atauzidwa kuti imeneyo ndi ndiwo, anaseka mpaka kutsokomola, nati akakafika kwawo palibe amene akakhulupirire kuti kuli Asilamu odya ntchentche. Ine lichero linali kale m'manja. Bambo anangondiyang'ana kamodzi, ndipo ndinalibwezera pamalo pake. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake ndiwo ya nkhungu inanunkhira m'nyumba zonse kupatula yathu, ndipo ndinadana naye munthu uja kuchokera pansi pa mtima.

Mpunga wa kusikimu, umene unali woti utifikitse kutali, unatha Novembala ali pakati. Amayi anasinthanitsa nkhuku zotsala ndi mpunga kwa anzawo, nkhuku zitatha anapereka abakha. Kenaka mvula yoyamba inagwa, yeniyeni yonyowetsa nthaka, ndipo ine ndi amayi tinayamba kukonza nazale kudambo, malo ofesera mbewu isanawokeredwe m'munda. Tinagaula, tinaphwanya zibuma, tinasalaza, tinamanga timizere totchinga madzi. Amayi ankagwira ntchito akuimba, chinthu chimene anali asanachite chifikire mlendo. Amayi aang'ono anatuma uthenga kuchokera ku Chia kuti nawonso nazale yawo yakonzeka, akungodikira gawo lawo la mbewu.

Sabata yomweyo mlendo analengeza kuti akupita. Katundu woti n'kugula sanamupeze, anati kuno kulibe kanthu koyenera kukweza pa lole. Ine ndinatsala pang'ono kululutira. Koma bambo anaganiza zomutsanzika ndi phwando loti Nkhotakota yense azidzalikamba, aitane shehe ndi akuluakulu onse amene anawaposa tsiku la chikwama lija. Mbuzi anaipeza posokera munthu wina suti ya ukwati. Chinatsala ndi mpunga. M'nyumba munalibe, wa pamsika nyengo imeneyo unali wosweka ndi wodzaza miyala, ndipo bambo anati sangachititse manyazi magazi awo ndi chakudya cha nkhuku.

M'mawa wina anabwera kukhitchini, malo amene ankangowadziwa kuseri kwake. Anaima pakhomo n'kuyang'ana kudenga.

"Mayi, uja uli apo."

"Imeneyo ndi mbewu, Bambo."

"Ndikudziwa kuti ndi mbewu. Koma alendowa alonjeza kuti akakafika atitumizira mbewu ya kwawo, yoposa iyi kutalitali. Thumba lathunthu, pa lole."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Bambo. Lole imeneyo ikamadzafika mvula idzakhala ili pati? Nanga mng'ono wanga ndikamuuze chiyani?"

"Mng'ono wanu adzale wa kusikimu ngati anthu ena onse. Kodi mukufuna akanene ku Mombasa kuti kwa ine anadyako miyala?"

"Ku Mombasako akukudziwani ndani?"

Funso limenelo linawalasa pamtima penipeni. Anadzuka nawo ukali n'kunena kuti, "Vuto lanu anthu a kuno ndi lomweli, simuona patali." Anatembenuka n'kutuluka.

Amayi anandiuza kuti ziwathera, bambo ako ndi a pakamwa chabe. Zaka zonse za ukwati wawo anali asanaonepo bambo akugwira chinthu cha kumunda, ndiye sanaone chifukwa chosamutsira mbewuyo. Anawaderera. Za mbewu ya ku Mombasa ija ndinene pano kuti ndithane nazo: mpaka lero ikadali m'njira.

Mawa lake tinapita kudambo kukamaliza kusalaza nazale, titagwirizana kuti tifesa likadutsa Lachisanu. Pobwera masana tinapeza chitseko cha khitchini chili pululu, pansi pali mwaye wakudenga, tizingwe tikulendewera topanda kanthu. Pabwalo panali mphasa ndi ndodo, ndi mapesi a mpunga ali mbwee. Aneba anatiuza kudzera pa mpanda kuti anaona bambo akupuntha okha timitolo tija, kulonga m'thumba, kumanga panjinga, n'kulowera cha kuchigayo. Anati ankaganiza kuti amayi awatuma, ngakhale anadabwa kuona telala akupuntha mpunga atavala mkanjo.

Ndinataya khasu n'kuthamanga. Ndinakumana ndi bambo akubwerera, akukankha njinga, fumbi la kuchigayo litawayeretsa nsidze ndi ndevu. Thumba linali litachepa, ndipo pakamwa pake pankaoneka mpunga woyera. Mpunga ukachotsedwa mankhusu wafa, sumeranso ngakhale muupempherere.

"Bambo, mwachita chiyani?"

"Tenga njingayi," anatero osandiyang'ana. "Ukawauze amayi ako atsuke mapoto aakulu aja."

Amayi anali atasesa kale pabwalo ndi manja kufuna njere zogwa popuntha, koma nkhuku za aneba zinali zitafika poyamba. Nditatula thumbalo anamasula, analowetsa dzanja, anatapa n'kununkhiza, kenaka anakhala pansi, padothi, miyendo atatambasula monga amakhalira amayi pamaliro. Sanalire. Ndinalira ndine, ndi ukali, ndipo ndinanena mawu okhudza mphuno ya bambo amene amayi anandiletsa kuwabwereza.

Madzulo bambo anabweretsa kapepala ka zokometsera zimene mlendo anawalangiza, kuti mpungawo uphikidwe ngati pilau wa kugombe. Amayi anakabweza m'manja mwawo.

"Mwaupha kale, Bambo, zimenezo zatha. Koma sindilola kuti muukwirirenso m'zonunkhira za eni ake ngati mpunga wopanda mwini. Ndiuphika ndekha, ndi madzi ndi mchere."

Bambo sanatsutse. Ndikhulupirira kuti ankayembekeza kukuwa ndi kulongedza katundu, ndipo bata limenelo linawaopsa.

Lachisanu, itatha swala, amuna anadzaza pakhonde ndi pansi pa mtengo. Ine ndinkazungulira ndi beseni ndi jagi yosambitsira m'manja. Amayi atavundukula mapoto kukhitchini, nkhani ya zipani imene inali itakolera inazima yokha. Fungo lija linadutsa pabwalo, linatuluka pa mpanda, ndipo ana a m'makomo ena anayamba kuunjikana kumsewu. Ine chibadwire ndinali nditaudyapo mpunga umenewu kangapo, koma tsiku limenelo unanunkhira mopweteka, mwina chifukwa ndinkadziwa kuti ndikuununkhiza komaliza.

Mlendo anatapa, anaika mkamwa, ndipo anaima kutafuna. Anatapanso wopanda nyama, wopanda msuzi. Kenaka analankhula pang'onopang'ono, Chiswahili choti ngakhale ine ndinachimva chonse. Anati chifikire kuno, ichi ndicho chinthu choyamba choyenera kukweza pa lole. Anati mpunga wotere ngakhale kwawo kulibe, olemera a ku Mombasa akhoza kuulimbirana, ndipo anafunsa chifukwa chimene anamubisira nthawi yonseyi n'kumamudyetsa wozizira uja. Bambo anamasulira mokweza, chifuwa chili patsogolo, akuyang'ana mmodzimmodzi wa akuluakulu aja kuti aone ngati amva.

Mlendo anapitiriza. Anati akufuna mbewu yake, ngakhale yodzaza kofiya chabe, akaionetse kwa amalonda anzake, ndipo chaka chamawa adzabwera ndi lole kudzagula wonse umene tingakolole.

Apa bambo anachedwa kumasulira. Ndinaona mphuno ija ikutuluka thukuta. Koma bambo anali munthu wokhulupirira zimene akufuna kukhulupirira, ndipo anaseka n'kuuza amene anali nawo pafupi kuti akazi sapachika zonse poyera, amakhala ndi kena kobisa mumtsuko. Anandituma kuti ndiitane amayi.

Amayi anabwera akupukuta manja, anagwada pakhomo monga mwa mwambo, maso pansi.

"Mayi, alendo ayamikira kwambiri mpungawu. Akupemphako kambewu pang'ono. Taonani paja munabisa."

"Sindinabise, Bambo. Ndinapachika poyera, poti ndinkati ndili pakhomo panga. Auzeni alendo kuti mbewu ndi imene akutafunayo. Ina kulibe, kuno ngakhale ku Chia."

Ananena mosakweza mawu, anadzuka n'kubwerera kukhitchini. Mlendo anafunsa chimene mayiyo wanena. Bambo anayamba kulumikiza timawu tawo, kuti mbewu ipezeka, itumizidwa, koma shehe anawadula n'kufotokoza zonse m'Chiswahili chomveka, kuyambira pa mvula yodula msanga mpaka pa chigayo, zimene zikusonyeza kuti nkhaniyi inali itazungulira kale tauni yonse.

Ndinkayembekeza kuti munthuyo achita manyazi, kapena aika pansi mpunga umene unali m'dzanja lake. Anangoyang'ana mbale, anapukusa mutu mwachisoni ngati dokotala, n'kulankhula. Atamaliza anagogoda bondo la bambo monga ankachitira masiku onse, kuti amasulire.

Bambo anatsokomola. "Akuti wayenda maiko ambiri," anatero, mawu ali pansi. Mlendo anawagogodanso. "Akuti sanaonepo anthu odya mbewu mvula itagwa kale. Akuti n'chifukwa chake anthu a kuno sadzalemera."

Tsiku limenelo palibe anavomera kuti zoona. Akuluakulu anayang'ana bambo, kenaka anayang'ana m'mbale zawo, ndipo musaganize kuti panali amene analeka kudya. Anadya mwakachetechete, mofulumira, ena akutolera njere zogwera pamphasa. Mlendo anapempha kuti amuwonjezere, ndipo ndinamuwonjezera ndine, chifukwa amayi anati mlendo sakanizidwa chakudya.

Anakwera lole m'mawa mwake, bambo atamunyamulira chikwama mpaka pamsika. Amayi sanadikire kuti bambo abwerere. Anasamba, anavala nsalu yawo yabwino, n'kundiuza kuti tikupita ku Chia. Ndinati bwanji tingotuma munthu, poti matola a kumeneko amadutsa tsiku lililonse. Anati nkhani ngati imeneyi satuma.

Tinatsika pamsewu n'kulowa njira ya kudambo. Amayi aang'ono anali kunazale yawo, atasalaza bwino, madzi ali nyezinyezi pakati pa timizere, akuthamangitsa abakha kuti asapondepo. Anationa tikadali patali, anatsuka manja m'ngalande mofulumira n'kuthamanga kudzatichingamira, akuseka, akufunsa chimene tachedwera mvula yonseyi. Atayandikira anachepetsa liwiro. Anayang'ana pamutu pa amayi, anayang'ana m'manja mwawo, kenaka anasuzumira kumbuyo kwawo kumene kunali ine, kuti mwina ndasenza ndine.